Galamafoni ya Ambuya ndi Malekodi Amene Tinataya

Mwezi watha mnyamata wina anabwela ku wailesi kumene ndimathandizako nchito, atanyamula cibokosi pa phewa. Atacitsegula, munali galamafoni ya ambuya ake, ija yooneka monga kasutikesi, yopukusa ndi dzanja.

"Akulu, mundilengezeleko pa wailesi," iye anatelo. "Anzanga akuti azungu amagula izi ndi ndalama yokwana puloti."

Pansi pa galamafoniyo panali malekodi angapo, makava ake atadyewa ndi mphemvu. Nditamufunsa za iwo, anaseka. "Awa ni zinyalala cabe. Ndaikako kuti makina asagwedezeke m'basi."

Ndinamuuza kuti akhale pansi, cifukwa mwina cimene anali kuciyesa cuma si ndico, ndipo cimene anali kuciyesa zinyalala ndico cinafunika kuciyang'ana bwino. Kuti mumvetse cifukwa cake, tiyambe ndi kumene makinawa anacokela.

Mu 1877 Thomas Edison wa ku America anapanga makina oyamba otha kujambula mau ndi kuwabweza. Mauwo anali kulembedwa pa kacitsulo kozungulila konga kacitini. Patapita zaka khumi, mu 1887, Emile Berliner anabweletsa galamafoni yoseŵenzetsa mbale yafulati, ndipo mbale imeneyi ndiyo inapambana, cifukwa inali yosavuta kupanga zambili ndi kusunga. Malekodi akalewo anali olemela, osacedwa kusweka, ozungulila ka 78 pa mineti, ndipo mbali imodzi inali kutenga nyimbo ya mamineti atatu cabe. Magetsi sanali kufunika. Unali kupukusa cogwilila, sipuling'i n'kumangika, nsingano yacitsulo n'kuyamba kuyenda m'mizele.

Kuno kwathu, m'masiku a Northern Rhodesia, galamafoni inali cizindikilo cakuti munthu wayenda. Amene anapita ku migodi ya ku Copperbelt, ku Salisbury kapena ku Joni, pobwelela kumudzi anali kufuna kufika ndi njinga, suti ndi galamafoni. Mudzi wonse unali kusonkhana kudzaona bokosi loimba. Koma ulemelelo wake sunakhalitse. Mu 1949 kunabwela wailesi yochipa yochedwa Saucepan Special, imene inali kugulidwa mapaundi asanu, ndipo anthu anayamba kumva a Alick Nkhata ndi oimba ena kucokela ku Lusaka popanda kupukusa ciliconse. Pa nthawi imodzimodziyo makampani a ku America anatulutsa malekodi atsopano a pulasitiki: LP mu 1948 ndi ka 45 mu 1949. Galamafoni yopukusa inayamba kuloŵa kunsi kwa bedi.

Ku Ulaya ndi ku America, zinthu zimene zinatayidwa motelo zinadzapeza ozikonda. Anthu amene anakula akumva galamafoni kwa agogo awo, atapeza ndalama anayamba kuzisakila m'misika ya zakale. Kwa zaka zambili mitengo inali kukwela, ndipo mbili yakuti "zakale zili ndi ndalama" inafalikila mpaka kufika m'makomboni athu.

Zinthu ziŵili zinagwetsa msika umenewo. Coyamba ndi intaneti. Kale munthu anali kuyenda matauni ambili kuti apeze galamafoni imodzi, ndiye anali kuganiza kuti ndi yosoŵa. Malo ogulitsilapo zinthu monga eBay, amene anayamba mu 1995, anaonetsa poyela kuti makinawa ali mbwee. Kampani ya Victor yokha inapanga ma Victrola mamiliyoni kuyambila mu 1906. Cinthu cimene cili m'nyumba zambili sicingakhale codula, ngakhale cikhale ndi zaka 100. Caciŵili ndi ukalamba. Ogula aja akalamba, ambili amwalila, ndipo ana awo akugulitsa katundu yense pa nthawi imodzi. Ogulitsa aculuka, ogula acepa. Acinyamata a kumeneko amakhala m'tunyumba tung'ono, alibe malo oika cibokosi colemela cimene sicimawakumbutsa ciliconse. Zimenezi zacitikilanso mipando yakale, mbale zadothi za m'kabati ndi masitampa wamba. Zimene zikali zodula ndi zija zosoŵadi, zoyambilila, zosungidwa bwino.

Cenjelaninso ndi magalamafoni a lipenga lonyezimila okhala ndi cithunzi ca galu wa His Master's Voice. Ambili amene amagulitsidwa m'mashopu a zokongoletsa ndi opangidwa posacedwa ku India, ndipo odziŵa sawayang'ana kaŵili.

Manje tibwele ku "zinyalala" zija. M'zaka za m'ma 1970 dziko lathu linali ndi nyimbo zake za magitala olila mwaukali, zimene lelo zimachedwa Zamrock. A Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo magulu oimba anaculuka. Ku Ndola kunali Teal Record Company imene inali kudinda malekodi, ndiponso Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo. Gulu la WITCH linatulutsa Lazy Bones!! mu 1975, Amanaz anatulutsa Africa caka cimeneco, ndipo a Paul Ngozi ndi Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement mu 1976. Panalinso a Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya.

Kenako mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zinasoŵa, ndipo munthu sakanagula lekodi pamene unga ukuvuta. Disiko ndi kalindula zinatenga malo, makaseti anabwela ndi anthu okopa mwakuba, ndipo matenda a AIDS anatenga oimba ambili. A Paul Ngozi anamwalila mu 1989. A Jagari Chanda, woimba wa WITCH, anakakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali. Malekodi awo tinawasiya pa dzuŵa mpaka kupindika. Ife amene tinakula m'ma 1990 timakumbuka kuwaponya m'mwamba monga coseŵeletsa.

Pamene ife tinali kutaya, ena kunja anayamba kutola. Malekodiwa anadindidwa ocepa, a msika wa Zambia cabe, ndipo ambili anaonongeka. Anthu okonda nyimbo za rock ku Germany, ku Japan ndi ku America atawamva, anayamba kulimbilana ocepa amene anatsala. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012, ndi Welcome to Zamrock! mu 2017. Filimu yokamba za WITCH inatuluka mu 2019, ndipo gululi linayambanso kuyenda maiko, n'kutulutsa cimbale catsopano, Zango, mu 2023. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga mau a Ngozi Family n'kuwaika m'nyimbo yake Noid. Lelo lekodi yoyambilila ya Zamrock yosungidwa bwino imagulidwa madola mahandiledi angapo pa malo monga Discogs. Ndiponso malekodi abwelelanso m'fashoni: mu 2022 ku America anagulidwa ambili kuposa ma CD, koyamba kucokela mu 1987.

Ndiye onani mmene zinthu zinatembenukila. Galamafoni imene ambuya anaigwilila nchito miyezi yambili inapangidwa ku fakitale ya kunja pamodzi ndi zinzake masauzande, ndipo ofuna kuigula akucepa. Lekodi ya ku Ndola imene inagulidwa makwacha ocepa ilibe inzake yambili pa dziko lonse, ndipo oifuna akuculuka. Ukale paokha supatsa cinthu mtengo. Mtengo umabwela ngati cinthuco n'cosoŵa ndipo pali anthu amoyo amene amacikonda. Okondawo akatha, mtengo umatha nawo. Zamrock nayo siidzakhala pamwamba mpaka kalekale.

Cimene cimandiŵaŵa ine si ndalama. N'cakuti malekodi ambili abwino anacoka m'dziko muno mwakacetecete, ogulidwa pa mtengo wa botolo la dilinki kwa anthu amene sanadziŵe cimene anali naco. Pa wailesi pathu omvela akapempha nyimbo ina yakale, nthawi zina timaipeza cabe cifukwa mlendo wina anaiika pa YouTube. Timamuyamikila, koma n'zamanyazi kubweleka mau a makolo ako kwa munthu wa kutali. Ndipo pali nyimbo zina, maka-maka pa tuma 45 twa magulu ang'ono, zimene mwina zatsala pa mbale imodzi cabe m'sutikesi ya munthu ku Matero kapena ku Chipata. Mbaleyo ikasweka, nyimboyo yafa.

Ngati kwanu kuli bokosi lotelo, musathamange. Malekodi aimikeni coimilila, pamthunzi, kutali ndi cinyontho. Musataye kava ngakhale yong'ambika, cifukwa imaonjezela mtengo. Musaseŵenzetse nsingano yacitsulo ya galamafoni pa LP kapena pa 45, imapala mizele n'kuononga nyimbo. Ŵelengani dzina ndi nambala zolembedwa pakati pa mbale, muzifufuze pa intaneti, muone mtengo umene ena anagulitsila, osati umene akuchula cabe. Mukafuna kugulitsa, ni ufulu wanu, koma yambani mwajambula nyimbozo pa kompyuta kuti kope itsale kuno. Ndipo ngati mwini bokosi akali moyo, mufunseni kumene anagula ndi amene anavina naye.

Mnyamata uja sanalengeze ciliconse tsiku limenelo. Tinapukuta malekodi ake imodzi-imodzi. Ambili anali a nyimbo za kunja zopezeka paliponse, koma aŵili anali odindidwa ku Ndola. Tinaika imodzi pa makina a mu situdiyo, ndipo pakati pa kuthetheka gitala inalila. Anakhala cete mpaka nyimbo inatha, n'kunena kuti ambuya ake aakazi anali kuiimba pocapa. Galamafoni anabwelela nayo kunyumba, akuti aika pa kabati. Malekodi aŵili aja anawakulunga mu juzi yake.