Wonga Wanyowa: Mbiri ya Nthabwala za Alenje ku Mapiri a Misuku

Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Komatu si mawu onse a akulu amene ankanenedwa pabwalo, ana ndi apongozi ali pomwepo. Ena ankanenedwa kuthengo, usiku, amuna okhaokha atazungulira moto nyama ili pachitsatsa, ndipo mawu amenewo ankaseketsa anthu mpaka nthiti kuwawa. Mdzukulu wa lero akamva kuti agogo ake, omwe amawadziwa ngati mkulu wa mpingo, adali katswiri wa nthabwala zolaula paunyamata wawo, amagwira pakamwa. Wina akaona nthabwala za mfuti ndi akazi zikuyenda pafoni amangoti ndi chikhalidwe cha makolo. Onse awiriwa asokera, ndipo mbiri ya mfuti m'mapiri a Misuku ingathe kuwabweza panjira.

Mughese ndi phiri la nkhalango yowirira m'boma la Chitipa, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwenemisuku, kufupi ndi mtsinje wa Songwe umene uli malire a Malawi ndi Tanzania. Pamodzi ndi Wilindi ndi Matipa, nkhalangoyi idaikidwa m'manja mwa boma m'chaka cha 1948. Eni dera ndi Asukwa ndi Andali, alimi a khofi ndi nthochi, ndipo ali ndi zinenero zawozawo. Chichewa chidafika kwa ambiri kudzera m'sukulu ndi pawailesi, makamaka kuyambira 1968 pamene chidasankhidwa kukhala chinenero cha dziko. M'nkhalango zimenezi mumakhala nchima, agwape ndi nguluwe. Nguluwe ndi mdani wakale wa mlimi, pakuti usiku umodzi wokha zingathe kugudula munda wonse. Choncho mlenje adali munthu wofunika pamudzi: ankabweretsa ndiwo komanso ankateteza minda.

Mfuti isanafike, mlenje ankadalira uta, mivi, mikondo, agalu, maukonde ndi mbuna. Ngakhale pa nthawi imeneyo, nkhani za uzimba ndi nkhani za m'nyumba ya banja zidali zolukanalukana. Audrey Richards, amene adaonerera chinamwali cha Abemba kudera la Chinsali m'chaka cha 1931 nalemba buku lotchedwa Chisungu mu 1956, adafotokoza kuti mkwati ankaonetsedwa ngati mlenje wobwera ndi uta ndi muvi, nalasa chizindikiro pakhoma la nyumba ya namwali. Victor Turner naye adapeza kuti kwa Andembu a ku Mwinilunga muvi unkaimira mwamuna ndipo uta unkaimira mkazi. Apa zionetsa kuti fanizo la mlenje ndi nyama yake ndi lakale kuposa mfuti, ndipo poyamba lidali chiphunzitso cha anankungwi lisanasanduke choseketsa cha pamowa.

Padalinso mwambo wa kudika. M'mitundu yambiri ya kuno kwathu ndi ku Zambia, mlenje wokonzekera ulendo woopsa ankagona padera, osakhudza mkazi wake. Mkazi wotsala pamudzi naye ankayenera kudzisunga, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti akachimwa, mwamuna wake aphonya nyama kapena avulazidwa nayo. Stuart Marks adalemba za miyambo yotere pakati pa alenje a Chibisa a m'chigwa cha Luangwa m'buku lake la mu 1976. Tsono amuna amene adzimana masiku angapo, ali kutali ndi kwawo, mantha a chilombo ali mumtima, adzakamba chiyani pamoto? Adzakamba chomwecho chimene adzimana. Nthabwala zidali mankhwala a mantha ndi a kupukwa.

Mfuti zidachuluka kumpoto kwa nyanja m'zaka za m'ma 1800, pamene amalonda a Chiswahili ankadutsa ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Mu 1881 kudayambika ntchito yolambula msewu wa Stevenson, wochokera ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika, ndipo udadzera m'dziko lomwe lero ndi Chitipa. Kuyambira 1887 kampani ya African Lakes idalimbana ndi Mlozi, amene adamanga linga lake ku Mpata, mpaka pamene Harry Johnston adamgonjetsa ndi kumpachika mu Disembala 1895. Pangano la ku Brussels la mu 1890 lidaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, motero mlenje wa kumudzi adatsala ndi mfuti yothirira wonga kukamwa, imene Aswahili amati gobori ndipo kuno idatchuka ndi dzina loti gogodela.

Munthu sangamvetse nthabwala za alenje ngati sadziwa kagwiridwe ntchito ka gogodela. Mlenje ankathira wonga mumpope, kenaka n'kuikamo kansanza kapena luzi lofewa, n'kugogoda ndi kamtengo kapena chitsulo chachitali kuti zitsenderezeke. Pamwamba pake ankaika chipolopolo, nthawi zambiri chidutswa cha chitsulo chosulidwa pamudzi pomwepo. Pomaliza ankaika kachipewa koyatsira moto, kamene Aswahili amati fataki. Zonsezi zinkatenga nthawi, ndipo mfutiyo inkalira kamodzi kokha. Ukaphonya, nyama siyikudikira kuti uthirenso wonga. Wonga ukachuluka, mpope unkatha kung'ambika n'kudula zala za mwini wake. Ndipo ku Misuku, kumene nkhungu ndi mvula sizisowa, wonga unkanyowa msanga, mfuti n'kungoti tha! osalira.

Pamenepa ndi pamene padagona nkhokwe ya zining'a. Mfuti yokana moto, wonga wonyowa, mfuti yolira nyama isanafike, mfuti yofuna theka la tsiku kuti ilirenso, mpope wochita dzimbiri chifukwa chokhalitsa pakhoma: munthu wamkulu aliyense akamva mawu otere pamowa sasowa womumasulira, monga momwe sasowera womasulira akamva kuti uje adagwa mumpapaya. Mwana wokhala pambali amangomva nkhani ya chida, ndipo ndiwo ubwino wa chining'a. Chofunika kuchiona ndi chakuti wosekedwa m'nthabwala zimenezi ndi mwamuna. Ndi iye wodzitama amene chida chake chamuchititsa manyazi. Gogodela idali mfuti yosadalirika, ndipo inkaphunzitsa mwini wake kudzichepetsa.

Nthabwalazi zidalinso ndi mpanda. Mwa Achewa, asuweni ndi alamu amatha kunyogodolana mopanda mlandu, agogo amatcha mdzukulu wawo wamkazi kuti mkazi wanga, ndipo adzukulu a pamaliro amaloledwa kuchita nthabwala pakati pa chisoni. Koma mawu omwewo ukawanena pamaso pa apongozi, ndi mlandu wa nkhuku kapena mbuzi. Kwa Angonde ndi Anyakyusa, omwe ndi anansi a Asukwa, mpandawu udali wautali koposa: mkamwana sankayenera kuonana maso ndi maso ndi bambo wa mwamuna wake. Monica Wilson, m'buku lake la mu 1951 lotchedwa Good Company, adafotokoza kuti anyamata a Chinyakyusa ankamanga midzi yawoyawo, ndipo chifukwa china chimene eni ake ankapereka chidali chakuti nkhani za chinyamata zisamveke m'makutu a makolo. Mwachidule, wonena nthabwala ankayamba wayang'ana amene ali pafupi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idasintha mfuti, idasinthanso pakamwa. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a Germany adathira nkhondo Karonga, ndipo m'zaka zotsatira dera lonse la malire, kuphatikizapo Fort Hill, lomwe ndi dzina lakale la Chitipa, lidadzaza ndi asilikali ndi amtengatenga. Anthu a m'dziko muno pafupifupi 200,000 adasenza katundu pankhondo imeneyi. Makolo adaitcha nkhondo ya chiwaya, pofanizira kulira kwa mfuti yolavula zipolopolo ndi kuthetheka kwa chimanga pachiwaya. Dzina lokhalo likuonetsa luso la anthu athu lotenga chinthu choopsa n'kuchipatsa dzina la kukhitchini. Asilikali a King's African Rifles adagwira mfuti ya Lee-Enfield, yotenga zipolopolo 10, ndipo pankhondo yachiwiri adafika nayo ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Pobwera adabwera ndi perete amene adabala magule monga malipenga, adabweranso ndi nthabwala za kukampu. Mfuti ya msilikali siyinyowa wonga ndipo imalira mobwerezabwereza. Fanizo lidayamba kupendekera ku kudzitama.

Kenaka kudabwera ulendo wa kumigodi. M'zaka za m'ma 1930 amuna ambiri a kumpoto adapita kukakumba golide ku Lupa m'dziko la Tanganyika, ena ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, ena ku Bulawayo, enanso ku Johannesburg kudzera ku Wenela. Kumeneko ankakhala m'makomboni a amuna okhaokha, miyezi kapena zaka, akazi awo ali kumudzi. Chisangalalo chawo chidali m'nyumba za mowa ndi m'mashabini. Kumeneko kudalibe apongozi oti n'kuwaopa, kudalibe msuweni woti abweze mawu, ndipo mkazi wokambidwayo adali mlendo wopanda mbale pafupi. Mawu a uzimba adapeza ntchito yatsopano: kusaka, kutchera msampha, kulondola mapazi, kugwetsa. Nthabwala imene kale inkaseka mlenje idatembenuka n'kuyamba kuloza nyama, ndipo nyamayo adali mwana wamkazi wa munthu.

Nyumba zimene akazi amavina akuvula zovala pofuna ndalama ndi za m'mizinda ya kunja. Ku South Africa boma la tsankho linkaletsa zionetsero zotere, n'chifukwa chake malo a Sun City, amene adatsegulidwa mu 1979 ku Bophuthatswana, adatchuka kwambiri, pakuti kumeneko lamulolo silinkafika. Kuno kwathu boma la Dr Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo loyang'anira mafilimu, mabuku ndi zisangalalo mu 1968, ndipo mu 1973 lidaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, lamulo lomwe lidafafanizidwa pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha. Choncho kwa munthu wa ku Mughese nyumba zoterezi zidali nkhani ya m'maluwa, yobwera ndi matchona, ndipo wofotokoza ankathira mchere monga achitira mlenje pokamba za kukula kwa nguluwe imene idamuthawa.

Alenje a ku America ndi maiko ena olankhula Chingerezi ali ndi nthabwala zawo zosakaniza mfuti ndi nyumba zimenezi, ndipo gwero lake ndi chinenero chawo. Kachitsulo kogwira zipolopolo zisanu, zimene msilikali amazikankhira mumfuti nthawi imodzi, amakatcha stripper clip, pamene stripper ndi dzinanso la mkazi wovina m'nyumba zija. Kumasula mfuti kuti itsukidwe amati field strip, ndipo mawu omwewo oti strip amatanthauzanso kuvula. Nthabwala zotere zimaseketsa m'Chingerezi mokha. Zikawoloka nyanja n'kufika pafoni ya mnyamata wa ku Chitipa, luso la mawu limatsalira m'njira, chimene chimafika ndi chithunzi cha mkazi ndi mfuti basi.

Lero uzimba weniweni udatha mphamvu. Lamulo la nyama zakuthengo la mu 1992, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wopha nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu. Nkhalango ya Mughese ndi yotetezedwa, ndipo madzi othirira khofi ndi nthochi amachokera m'menemo. Kwa ambiri gogodela yatsala m'nthano. Koma mawu ake adakali moyo, ndipo akuyenda opanda mpanda uja.

Kuopsa kwake kudaoneka poyera mu Januwale 2012, pamene anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu adavula akazi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ena mwa iwo akunena kuti akuteteza chikhalidwe. Amayi adachita msonkhano waukulu ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo, ndipo lamulo la mu 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi lidaika chipongwe chokhudza thupi la munthu, ngakhale cha pakamwa pokha, m'gulu la milandu. Mnyamata amene wazolowera kutcha mkazi nyama sachedwa kutambasula dzanja. Nawonso matenda a Edzi, amene adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, adakwirira amuna ambiri amene ankadzitama kuti saphonya, pamodzi ndi akazi awo osalakwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Tsono mdzukulu wofuna kudziwa za makolo ake asachite manyazi kumva kuti ankaseka zolaula. Adali anthu a magazi ngati wina aliyense, ndipo chinenero chopanda nthabwala ndi ndiwo zopanda mchere. Koma potola mwambowu autole wonse. Makolo ankaphimba mawu kuti mwana asamve, ankasankha malo ndi anthu, ankalola wosekedwa kubweza, ndipo kawirikawiri muvi wa nthabwala unkabwerera kwa mwini uta. Amene angathe kuseketsa anzake ndi nkhani ya wonga wake wonyowa, popanda kutchula mwana wa mwini, ameneyo ndiye mdzukulu wa mlenje. Winayo akumbuke mwambi uja wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.