Magetsi ndi mabala osaoneka a kunkhondo

M'chaka cha 1916, mumzinda wa Tours ku France, msilikali wina dzina lake Baptiste Deschamps anatibula dokotala ndi zibakera. Dokotalayo, Clovis Vincent, ankafuna kumunyesa ndi magetsi monga ankachitira ndi asilikali ena obwera kuchokera kunkhondo akunjenjemera, atapindika msana kapena atasiya kulankhula, koma opanda bala looneka. Deschamps anazengedwa mlandu m'khoti la asilikali, chilango chinamugwera chopepuka, ndipo anthu ambiri anaima kumbali yake.

Vincent sanali yekha. Ku Germany kunali Fritz Kaufmann, ku London kunali Lewis Yealland wa pachipatala cha Queen Square. Yealland analemba yekha m'buku lake la 1918 momwe anatsekera msilikali wosalankhula m'chipinda chamdima, n'kumamunyesa kukhosi kwa maola mpaka mawu atatuluka. Mankhwala ake apa anali ululu weniweniwo. Madokotala ambiri ankaganiza kuti anyamatawa ndi amantha kapena akungonamizira, ndiye chofunika n'chakuti chipatala chiwawe kuposa nkhondo, munthu abwerere kukagwira mfuti. Ena ankachitcha chithandizo, koma chinali chikwapu basi.

Magetsi amene amagwiritsidwa ntchito m'zipatala za matenda a maganizo lero anadzera njira ina. Mu 1934, dokotala wa ku Budapest, Ladislas Meduna, anayamba kubaya odwala misala mankhwala owachititsa kuphupha ngati akhunyu, ndipo ena anapezadi bwino. Ku Rome, Ugo Cerletti anapita kophera nkhumba n'kuona kuti nyesi ya kumutu inkangokomola nyamazo osazipha. Mu April 1938, iye ndi Lucio Bini anayesa njirayi pa bambo wina amene anapezeka akubwebweta pasiteshoni ya sitima. Ndimo inabadwira ECT, njira yochititsa wodwala kuphupha ndi magetsi.

Zaka zoyambirira zinali zoopsa. Wodwala ankanyesedwa ali maso, ndipo kuphuphako kunkathyola ena mafupa a msana. M'zaka za m'ma 1950 kunafala mankhwala ogonetsa ndi olefula minyewa, moti lero munthu amakhala ali mtulo, kuphupha kumachitika mu ubongo kwa mphindi imodzi kapena kucheperapo, kawiri kapena katatu pa sabata. Komabe mbiri inali itaipa kale, ndipo filimu ya 1975 ya One Flew Over the Cuckoo's Nest inangothira mafuta pamoto. Chimene chatsalabe mpaka pano ndi kuiwala: odwala ena amataya zikumbukiro za masabata kapena miyezi.

Nthenda ya asilikali ija inalowa m'buku la madokotala a ku America mu 1980 pa dzina la PTSD, asilikali obwera kuchokera kunkhondo ya ku Vietnam atalimbikira kuti boma liwamve. Zinadziwikanso kuti si ya kunkhondo kokha. Wogwiriridwa, wopulumuka ngozi ya pamsewu kapena madzi osefukira nayenso amalota zoopsa, amadzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, ndipo tsiku lija limam'bwerera ngati likuchitika pomwepo.

Nanga ECT ingathandize anthu otere? Mu 2010, Mushtaq Margoob ndi anzake ku Kashmir anafalitsa zotsatira za odwala 20 amene mapiritsi ndi uphungu zinawakanika. Aliyense anayenera kulandira ECT maulendo 6, ndipo ambiri anapeza bwino. Koma panalibe gulu lina lofananitsa nalo, ndiye sitinganene kuti anawachiritsa ndi magetsiwo. Chochititsa chidwi kwambiri chinachokera ku Nijmegen ku Netherlands kumapeto kwa 2013. Marijn Kroes anaonetsa odwala matenda okhumudwa nthano ziwiri zomvetsa chisoni. Patapita sabata anawakumbutsa imodzi atangotsala pang'ono kulandira ECT. Mawa lake nthano yokumbutsidwayo inali itasokonekera m'mutu mwawo, inzake ija ili bwinobwino. Kuiwala komwe kunali vuto kunayamba kuoneka ngati chida. Koma nthano yoonera pazithunzi ndi yosiyana kutali ndi imfa ya mnzako imene unaiona ndi maso.

N'chifukwa chake madokotala amayambabe ndi uphungu wothandiza munthu kuyang'anizana ndi zimene zinam'chitikira, komanso mapiritsi monga sertraline ndi paroxetine. ECT amaiganizira makamaka pamene PTSD yabwera pamodzi ndi kukhumudwa koopsa, munthu atasiya kudya kapena akufuna kudzipha. Pa PTSD payokha, umboni ukadali wochepa.