Kanema Adakolola Pomwe Sadalime

Pa 1 Epulo 1999 dziko la Malawi lidatsegula wailesi yake yoyamba ya kanema, Television Malawi, yomwe ambirife tinkangoitchula kuti TVM. Tidachedwa ndithu. Anzathu a ku Zimbabwe adayamba kuonera kanema wawo mu 1960, a ku Zambia mu 1961, ndipo ngakhale dziko la South Africa, lomwe atsogoleri ake ankaopa kanema ngati mliri, lidagonja mu 1976. Kwathu kuno zaka 30 za ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda zidatha popanda wailesi yotere. Choncho tsiku lomwe makamera adayatsidwa ku Kwacha mumzinda wa Blantyre, padalibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe amene akadanena kuti adakulira m'zisudzo za pa kanema wa dziko lake.

Komabe sipadapite nthawi yaitali masewero a m'Chichewa adayamba kuoneka, ndipo anyamata ndi atsikana omwe tinkawaona m'masewerowo sadali achilendo pantchitoyo. Ankadziwa kuseketsa, ankadziwa kuliritsa. Kodi luso limeneli adalitenga kuti? Ine ndikalondola mapazi awo ndimapeza kuti kanema adakolola m'minda yomwe ena adalima kwa zaka zambiri, iye asadabadwe n'komwe.

Munda woyamba udali sukulu. Kuyambira mu 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM lidayamba kuchititsa mpikisano wa zisudzo m'sukulu za sekondale. Cholinga chake chenicheni chidali chakuti ana azolowere kuyankhula Chingerezi, koma zomwe zidamera m'mundamo zidaposa zomwe eni ake adabzala. Sukulu zinkapikisana m'zigawo, ndipo zopambana zinkakakumana kumpikisano wa dziko lonse. Mwana yemwe kwawo sakadayerekeza kukweza mawu pamaso pa akuluakulu ankaima pansanja, holo itadzaza, n'kukhala mfumu kapena mfiti mpaka anthu kumuwombera m'manja. Masiku amenewo sewero lililonse linkayenera kudutsa m'manja mwa bungwe la boma lounika mabuku ndi zisudzo, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968. Mpeni wa bungweli udaphunzitsa alembi ndi osewera kubisa nkhani m'miyambi ndi m'nthano, kunena za kalulu ndi njovu pomwe aliyense muholomo akudziwa njovu yomwe ikunenedwa.

Mwana wotchuka kwambiri wa ATEM adali Dunduzu Chisiza Jr, yemwe tonse tinkamutchula kuti Du. Iye adabadwa mu 1963, bambo ake, katswiri wa ndale uja, atamwalira kale pangozi ya galimoto mu 1962. Ali pasukulu ya HHI ku Blantyre adapambana mpikisanowu mu 1982 ndi sewero lake lotchedwa The Deceased's Attack. Atakaphunzira za zisudzo ku America adabwerera kumudzi n'kuyambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Du adachita chinthu chomwe ambiri ankachiyesa misala: adanena kuti zisudzo ndi ntchito, munthu angathe kudya za pansanja monga mmene kalipentala amadyera za m'matabwa. Achinyamata ambiri adadutsa m'manja mwake, ndipo mmodzi mwa iwo adali Gertrude Kamkwatira, yemwe pambuyo pake adayambitsa gulu lake la Wanna-Do. Chomwe chimandikhudza mtima ndi chakuti Du adamwalira mu Febuluwale 1999, kutatsala masabata owerengeka kuti TVM itsegulidwe. Mlimi adagona mbewu zili pafupi kucha.

Mzere umenewu sudaduke. Joyce Mhango Chavula adayamba zisudzo ali kusekondale kudzera mu ATEM yomweyo, adadzasewerako m'gulu la Wanna-Do, kenaka adasiya ntchito yolembedwa n'kuyambitsa gulu lake la Rising Choreos. Mu 2016 filimu yake yotchedwa Lilongwe idapata mphoto ya Africa Magic ku Nigeria monga filimu yopambana ya kummwera kwa Africa. Ukalondola bwino, mphoto imeneyo idayambira m'holo ya sukulu, kudzera kwa Gertrude, mpaka kukafika kwa Du. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Munda wachiwiri sutchulidwa kawirikawiri chifukwa udalibe zikho kapena oweruza. Ndikunena za tchalitchi. Ambiri a msinkhu wanga tidaona sewero koyamba pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, pomwe achinyamata a mumpingo ankafunda nsalu za amayi awo n'kusanduka abusa a nkhosa, anzeru a kummawa ndi asilikali a Chiroma. Ndimakumbukira kuti mbali ya Herode ndi ya mwana wolowerera zinkalimbiranidwa, chifukwa ndi mmene munthu ankaonetsera ukatswiri wake: kukalipa, kudzandira, kulira chogwada. Kutchalitchi kudalibe lamulo la Chingerezi. Mwana ankasewera m'chiyankhulo cha kwawo, pamaso pa agogo ake, ndipo akaphonya ankamva kuseka kwa anthu omwe adzakumane nawo kuchitsime mmawa mwake. Pamene ATEM inkapereka Chingerezi ndi mwambo wa pansanja, tchalitchi chinkapereka Chichewa ndi kulimba mtima, komanso chinkalandira ngakhale mwana yemwe sadasankhidwe kupita kusekondale.

Munda wachitatu udali wailesi ya MBC, yomwe kuyambira mu 1964 idali liwu lokhalo lomveka m'dziko lonse. Amene tidakula nayo sitingaiwale Kapalepale, sewero lomwe lidatchukitsa Smart Likhaya Mbewe, ngakhalenso Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Banja lonse linkazungulira kawailesi kamodzi, mabatire ataumikidwa padzuwa masana kuti afike madzulo. Wailesi idaphunzitsa osewera chinthu chomwe nsanja siingaphunzitse. Pawailesi palibe nkhope, palibe chovala. Nkhalamba iyenera kumveka ukalamba m'mawu mokha, ndipo wabodza ayenera kumveka bodza m'kapumidwe kake. Ufulu wa zipani zambiri utabwera, bungwe la Story Workshop lidayambitsa sewero la Zimachitika mu 1997, ndipo mmenemo achinyamata ambiri adaphunzira kusewera munthu mmodzimodziyo sabata ndi sabata, chaka ndi chaka, mpaka omvera kumamudziwa ngati mnansi wawo. Luso limeneli ndi lomwe sewero lopitirira la pa kanema limafuna.

Pambali pa minda itatuyi padali magulu oyendayenda. Ophunzira a ku Chancellor College adali ndi gulu lawo la Travelling Theatre kuyambira mu 1970, ndipo mumzinda wa Blantyre mudali gulu la Kwathu lomwe lidasankha kusewera m'Chichewa. M'gulu la Kwathu ndi momwe mudatchukira John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, awiri omwe ankati akangotulukira pansanja anthu n'kuyamba kuseka asadatsegule pakamwa. Lamulungu masana anthu ankakhamukira ku French Cultural Centre kukaonera magulu amenewa. Wachinyamata wolowa m'gulu lotere sankayamba ndi mbali yaikulu. Ankayamba ndi kumata mapepala oitanira anthu m'mitengo ndi m'makoma, kunyamula zikwama za zovala, kukhala pakhomo kudula matikiti. Tsiku lina wina akadwala, ndiye ankauzidwa kuti avale chovalacho alowe. Umo ndi momwe ambiri adapezera mwayi wawo woyamba, ndipo maphunziro awo onse adali kuonerera akuluakulu ali kuseri kwa nsalu.

Tsono kamera itafika, anthu onsewa adapezeka kuti ali ndi luso lochuluka koma la mtundu wina. Wozolowera nsanja adaphunzitsidwa kuponya mawu kuti amve wa kumpando wakumbuyo, kutambasula manja, kutong'ola maso. Kamera ili pafupi ngati munthu amene mukudya naye m'mbale imodzi, ndipo imaona ngakhale kunjenjemera kwa mlomo. Ndikamakumbukira masewero oyambirira a pa TVM ndimaona anthu akukuwa m'chipinda chochezera ngati ali pabwalo la mpira. Ife oonera, titathithikana m'nyumba ya mnansi yemwe adali ndi kanema, sitinkadandaula. Kungoona munthu akuyankhula Chichewa m'bokosi lomwe tidazolowera kuonamo azungu ndi anthu a ku Nigeria chidali chinthu chachikulu. Koma osewerawo adayenera kuphunzira kuchepetsa zomwe adatha zaka akuphunzira kukulitsa, ndipo adaphunzira ali pantchito, dziko lonse likuwaona.

Funso lina lidali la ndalama. Kujambula sewero kumafuna kamera, galimoto, mafuta ndi chakudya cha anthu, ndipo wailesi ya kanema yongoyamba kumene idalibe thumba lokwanira zonsezi. Amene adali ndi ndalama adali mabungwe omwe si aboma, ndipo nkhani yomwe idawavutitsa zaka zimenezo idali Edzi. Maliro adali paliponse. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, chaka chomwechonso Pulezidenti Bakili Muluzi adaulula poyera kuti mchimwene wake adamwalira ndi matendawa. Sewero lomwe lidanyamula nyengo imeneyo pamutu lidali Tikuferanji, lomwe linkakonzedwa ndi bungwe la ADRA ndipo linkamveka pawailesi ndi kuoneka pa kanema. Dzina lake lokha lidali funso lomwe mtundu wonse unkadzifunsa. Mtsogoleri wake adali Michael Usi, wobadwa mu 1968, yemwe adali wantchito wa bungwelo koma dziko lidamudziwa kuti Manganya.

Ndalama za mabungwe zidachita zabwino zomwe sitingazikane. Kwa nthawi yoyamba wachinyamata ankatha kulandira kangachepe atasewera, m'malo modikira zotsala za pakhomo. Masewerowo adanena zinthu zomwe makolo ankachita nazo manyazi kuuza ana awo, ndipo ndikukhulupirira kuti alipo anthu ali moyo lero chifukwa cha zomwe adamva akuseka. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wolipira ndiye ankasankha nyimbo. Wosewera wachinyamata adazolowera kuti sewero lililonse liyenera kukhala ndi uthenga, ndipo uthengawo uyenera kunenedwa momveka sewero lisadathe. Mbali zambiri zidali za mtsikana wonyengedwa ndi bambo wachuma, mwamuna wokana kukayezetsa, mlangizi wodziwa zonse. Nthano yongonena za moyo wa munthu, chikondi chake ndi kupusa kwake, idasowa woilipirira. Ndipo ntchito ya bungwe ikatha, sewero linkatha nayo limodzi, osewera n'kubwerera kukafuna maganyu.

Kanema adabweretsanso mtolo wina: kutchuka kopanda chuma. Wa pawailesi ankatha kukwera minibasi osadziwika, koma wa pa kanema nkhope yake idali ya aliyense. Dzina la m'sewero linkameza dzina la kubadwa. Ndi angati mwa ife amene tinkaitana John Nyanga ndi dzina lake lenileni? Anthu ankayesa kuti woonekera pa kanema ndi wolemera, pomwe mwini wake akuyenda wapansi kuchokera kojambula. Ena adagwiritsa ntchito kutchukako ngati makwerero. Du adakhalapo nduna chakumapeto kwa ulamuliro wa Kamuzu. Bon Kalindo, Winiko uja, adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2014. Usi adakhala nduna mu 2020, ndipo mu Juni 2024, Dr Saulos Chilima atamwalira pangozi ya ndege, adasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, udindo womwe adaugwira mpaka mu 2025. Koma amenewa ndi owerengeka. Ambiri adangozimirira mwakachetechete, ndipo lero palibe amene angakuuzeni komwe ali.

Ena adalowera kumafilimu. Shemu Joyah atajambula Seasons of a Life, tidaona Flora Suya ndi Tapiwa Gwaza akusewera modekha, monga kamera imafunira, ndipo Gwaza adalandira mphoto ya Africa Movie Academy mu 2010. Mu 2019 Lily Banda adaoneka mufilimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ndiponso m'sewero la pa kanema la ku Britain lotchedwa Deep State. Koma mufilimu ya William Kamkwamba ija, nkhani ya ku Kasungu, yojambulidwa ku Malawi konkuno, mbali ya mnyamata mwini nkhani idaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Adasewera bwino, sindikutsutsa. Komabe nkhaniyi iyenera kutipatsa maganizo tonse amene timakonda luso la kwathu.

Lero wailesi za kanema zachuluka, ndipo wachinyamata amene ali ndi foni angathe kujambula kasewero mmawa, pofika madzulo anthu zikwizikwi n'kukhala ataonera pa Facebook kapena pa TikTok. Khomo lomwe kale lidali lopapatiza latseguka. Koma ndikayang'ana kumbuyo ndimaona kuti olima aja akutha. Gertrude Kamkwatira adatisiya mu 2006, John Nyanga mu 2016, Eric Mabedi mu 2021. Bwalo la French Cultural Centre lidatsekedwa mu 2011 n'kuonongedwa ndi akuba, ndipo ngakhale lidadzatchedwa Blantyre Cultural Centre, lidakhala zaka zambiri likudikira kukonzedwa. Foni imapereka oonera, koma siipereka mkulu woima kuseri kwa nsalu amene angakuuze kuti apa wafulumira, bwereza. Siipereka holo yodzaza yomwe imakuphunzitsa nthawi yomweyo ngati nthabwala yako yagwira kapena yagwa.

Mbiri ya achinyamata oyamba a pa kanema wathu ikutiuza kuti wosewera sabadwira pamaso pa kamera. Amaumbidwa ndi mphunzitsi wotsalira kusukulu madzulo popanda malipiro, ndi gulu la achinyamata a kumpingo, ndi mkulu wa gulu amene amamutuma kumata mapepala asadamupatse mzere umodzi woti anene. Magulu monga Nanzikambe ndi Solomonic Peacocks adayesetsa kusunga mwambo umenewu wophunzitsa ana, koma mutu umodzi susenza denga. Eni wailesi za kanema, omwe akhala akukolola kuyambira mu 1999, ali ndi ngongole kuminda imeneyi. Ifenso alembi tili ndi yathu: kukhala pansi ndi osewera omwe adakali moyo, kuwafunsa komwe adayambira ndi amene adawagwira dzanja, n'kuzilemba iwo akadali ndi mawu oti atiuze.