Mafunso ndi Mayankho: Chiyambi cha Vinyo Wofiira Wosakaniza

Funso: Kodi mwambo wosakaniza mitundu ya mphesa popanga vinyo wofiira unachokera kuti?

Yankho: Ngakhale alimi a m'maiko ambiri akhala akusakaniza mphesa kuyambira kalekale, kasakanizidwe kamene ambiri amatsanzira lero kanakhwimira ku Bordeaux, kumwera chakumadzulo kwa France, kumene mitsinje ya Garonne ndi Dordogne imakumana. Malonda a vinyo wa kumeneko anakula Eleanor wa ku Aquitaine, dera limene muli Bordeaux, atakwatiwa mu 1152 ndi Henry, amene anadzakhala mfumu ya England, koma vinyo wa nthawi imeneyo anali wopepuka ndiponso wosafiira kwenikweni. Vinyo wolemera anadza pambuyo pake, akatswiri a ku Netherlands atakumba ngalande m'zaka za m'ma 1600 n'kuumitsa madambo a Médoc, m'dera lomwelo la Bordeaux, amene nthaka yake ya nsangalabwi imasunga kutentha ndipo siisunga madzi.

Funso: Nanga amasakaniziranji, osangogwiritsa ntchito mtundu umodzi?

Yankho: Chifukwa choyamba chinali nyengo, pakuti Bordeaux ili pafupi ndi nyanja ya Atlantic ndipo mvula ndi chisanu zimabwera mosapanganika. Mphesa za Merlot zimapsa msanga pamene za Cabernet Sauvignon zimachedwa, motero mlimi wobzala zonse ziwiri sataya chaka chonse nyengo ikaipa. Chifukwa chachiwiri ndi kakomedwe, popeza mtundu uliwonse umakwaniritsa chimene unzake ukusowa. Cabernet Sauvignon ili ndi khungu lokhuthala lodzaza ndi tanini, chinthu chopezeka m'makungu ndi m'njere chimene chimaumitsa m'kamwa monga amachitira tiyi wowira kwambiri wopanda mkaka. Merlot imafewetsa ukali umenewo ndi kukoma kwa zipatso zakupsa, Cabernet Franc imawonjezera fungo, ndipo Petit Verdot, imene amathira pang'ono chabe, imakometsa maonekedwe a vinyoyo.

Funso: Kodi vinyo akatchedwa wolemera ndiye kuti wotani?

Yankho: Ameneyu ndi vinyo amene amadzaza m'kamwa ndipo kukoma kwake kumatsalira munthu atameza kale, chifukwa mphamvu yake ya mowa kawirikawiri imafika maperesenti 13.5 kapena kuposerapo ndiponso tanini amakhala wochuluka. Opanga amawiritsa mtundu uliwonse pawokha, madzi a mphesazo ali pamodzi ndi makungu, kenako amalawa, kusakaniza ndi kusunga vinyoyo kwa miyezi yambiri m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225, imene imamupatsa fungo la vanila ndi kufewetsa tanini pang'onopang'ono. Luso limeneli linafikanso ku South Africa, kumene munda wa Meerlust ku Stellenbosch unapanga Rubicon woyamba kuchokera ku zokolola za 1980. Vinyo wotere amayenerana ndi nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi, pakuti mafuta a nyamayo amachepetsa kuuma kwa tanini, ndipo amakoma akamwedwa pang'ono pamodzi ndi chakudya.