Balansi si alayimenti

Madalaivala ambiri a kwa Msakambewa akamva chiwongolero chikunjenjemera amafulumira kunena kuti galimoto ikufuna alayimenti, chonsecho vuto ndi balansi. Mawu awiriwa ndi osiyana.

Mawu oti balansi tidabwereka ku Chingerezi, koma gwero lake ndi Chilatini, momwe ankatanthauza sikelo ya mbale ziwiri. Kwa amakaniko, balansi ndi kulinganiza kulemera kwa tayala ndi rimu mbali zonse, pomata timitovu m'mphepete mwa rimu. Alayimenti ndi kuwongola kaimidwe ka mawilo. Ikasokonekera, galimoto imakokera kumbali ndipo matayala amadyeka mbali imodzi.

Tiyerekeze mwagula marimu onyezimira ku Lilongwe n'kuika pa Sienta yanu. Mumsewu wafumbi zonse zili bwinobwino, koma mutangolowa pa tala wa M1 ku Mponela, liwiro litafika cha m'ma 90, manja ayamba kugwedezeka. Apo kapempheni balansi. Koma choyamba chotsani matope omatirira mkati mwa rimu, onani ngati bowo lapakati likugwira bwino pa habu, ndipo manati muwamange modumphadumpha, osati motsatana. Rimu ikapindika pa dzenje, balansi singathandize: ikawongoledwe kapena isinthidwe.