Muranga: Mtengo wa Khungwa Lowawa Ngati Tsabola

Ambiri amene amagula mankhwala azitsamba pamsika wa Mbare ku Harare amaudziwa muranga ngati kachidutswa ka khungwa louma, koma ndi ochepa amene anauonapo mtengo wake uli chiimire. Muranga ndi dzina la Chishona. M'Chizulu ndi isibhaha, ndipo akatswiri a zomera amautcha Warburgia salutaris. Suli pachibale ndi tsabola wa m'dimba, kungoti khungwa ndi masamba ake zimanunkhira komanso kuwawa m'kamwa ngati tsabola.

Mtengowu suyoyola masamba chaka chonse, ndipo kawirikawiri umatalika mamita 5 mpaka 10. Masamba ake ndi obiriwira kwambiri, onyezimira pamwamba koma otuwirako kunsi. Maluwa ndi aang'ono, oyera mobiriwira, ndipo zipatso zimada zikapsa. Khungwa ndi lokhakhala kunja, lofiirira mkati.

Umamera m'mphepete mwa nkhalango zobiriwira ndi m'zigwa ku Mozambique, South Africa, Eswatini ndi Malawi. Ku Zimbabwe kwawo kwenikweni ndi kum'mwera chakum'mawa, m'dera la Chipinge, komwe unatsala pang'ono kutheratu. Chinaupha ndi malonda: khungwa likasendedwa kuzungulira thunthu lonse, chakudya chochokera m'masamba sichifikanso kumizu, mtengo n'kuuma. N'chifukwa chake khungwa lambiri logulitsidwa m'dzikoli limachokera ku Mozambique, ndipo bungwe la IUCN linauika pamndandanda wa mitengo imene ili pachiopsezo chotha. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala amene ali m'khungwa amapezekanso m'masamba, omwe amaphukanso akathyoledwa.

Anthu amamwa kapena kutafuna muranga pofuna kuchiza chifuwa ndi chimfine. Pamenepa mpofunika kusamala. Khungwa louma n'lovuta kulizindikira, ndipo mphamvu yake imasiyana kachidutswa ndi kachidutswa, choncho muyeso wake sudziwika. Amayi oyembekezera asaugwiritse ntchito, ndipo musapatse ana aang'ono. Ngati mukumwa ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu, musawasiye, ndipo uzani namwino za zitsamba zilizonse zimene mukumwa.

Muranga suchiza chifuwa chachikulu. Ngati inu kapena wodwala amene mukumusamalira watsokomola kwa masabata awiri, akutuluka thukuta usiku, akuwonda kapena akulavula magazi, pitani kuchipatala chapafupi akamuyeze makhololo.