Ponte, nyumba yobowoka pakati

Mukafika ku Johannesburg simungalephere kuiona. Ponte City, ku Berea pafupi ndi Hillbrow, inatha kumangidwa mu 1975. Ndi nyumba yozungulira ngati nkhokwe, ya nsanjika 54, yobowoka pakati kucokera pamwamba mpaka pansi kuti kuwala kuzilowa. Masiku amenewo malamulo a tsankho ankalola azungu okha kukhalamo. Munthu wakuda ankalowamo ngati wanchito.

Pofika m'ma 1990, azungu ambiri anali atasamukira kumadera a kumpoto kwa mzinda. Kukonza kunaleka, zigawenga zinalowerera, ndipo cibowo cija cinasanduka dzala. Zinyalala zinaunjikana mpaka kukwirira nsanjika zingapo. Mu 1998 panamveka ngakhale maganizo oisandutsa ndende.

Mu 2007 kunabwera amalonda ndi pulani yochedwa New Ponte, yoti aikongoletse ndi kugulitsa mafulati kwa anthu a ndalama. Ocita lendi ambiri, ena mwa iwo ocokera kumaiko ena a mu Africa, anauzidwa kuti asamuke. Caka cotsatira cuma ca dziko lonse cinagwedezeka, ndalama zinasowa, nchito inaimira panjira. Anthu aja anasamutsidwira cabe, ndipo mbali imeneyi siikambidwa kawirikawiri.

Eni ake, a Kempston, anaitenganso nayamba kukonza zinthu zosaoneka pa zithunzi: malifiti, mapaipi, mawaya a magetsi. Pakhomo anaikapo makina ozindikira cala ca munthu. Mafulati anadzazanso ndi mabanja a lendi, ndipo pansi pa cibowo cija thanthwe linayamba kuonekanso.